Pamene Singano Inkadumpha

Phukusi labwera pa basi ya ku Joni,
wakabaza walitula pa shopu yanga kuseri kwa msika wa Mangochi,
pakati pa mawailesi akufa ndi mafoni oiwalidwa ndi eni ake.
Twaliki, mwana wa mlongo wanga, walemba pa katoni:
Amalume, chimbale cha agogo chija achitulutsanso.
Akuti achitsuka.

Achitsuka!
Ngati nyimbo ndi mbale yodyera.

Chikuto ndi chomwe chija:
mzungu wowonda, tsitsi mpaka m'mapewa,
gitala pa ntchafu ngati mwana wodwala malungo.
Dzina lake linkawapinda lilime bambo,
ankangoti Che Matsitsi,
ndipo kwa M'baluku konse ankamudziwa choncho.

Chathu chinabwera m'sutukesi yachitsulo kuchokera ku migodi,
chokulungidwa m'bulangete,
pamodzi ndi chifuwa chimene sichinawasiye.
Tinkachiliza ndi batire la lole ya Che Mdoka,
Loweruka masana, zitseko zonse pululu,
chikuthetheka ngati mafuta a mandasi
gitala lisanayambe kubangula.

Pa nyimbo yachitatu panali bala.
Ndinalitema ndine, ndi msomali,
ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri,
kufuna kuona ngati munthuyo angatulukire pamenepo.
Anakwapulidwa ndi Jawadu, mkulu wanga.
Ine ndinali pa mtengo wa bwemba, chete, ndikuwerenga zikoti.

Kuyambira tsikulo singano ikafika apo inkadumpha.
Bambo anayesa kuisenzetsa ndalama yachitsulo pamutu,
inkadumphabe,
mpaka anangopangana nayo:
ikadumpha, iwo amamenya phazi pansi, nati Eya!
ndipo nyimbo imapitirira ngati anailemba limodzi.

Lero ndadikira magetsi mpaka asiri itapita.
Ndapukuta galamafoni, ndasintha lamba,
ndatulutsa chatsopanochi,
cholemera ngati chivundikiro cha chiwaya,
chonyezimira mpaka ndaonamo imvi zanga.

Achitsukadi.
Mandasi aja aphulidwa.
Ndikumva zala zikutereka pa nsambo,
mpando ukulira pansi pa wang'oma,
Che Matsitsi akukoka mpweya asanakuwe,
kani nayenso anali ndi mapapo.
Akabaza awiri aima pakhomo, osapempha kulowa.

Yachitatu yayamba.
Phazi langa lanyamuka lokha, kudikira dzenje,
koma singano yangodutsa, myaa,
ngati minibasi pa phula latsopano,
phazi langa lili m'mwamba, lopanda potera.

Ndabwereza kanayi.
Ndaitana Shamimu wanga wa Fomu 3:
tandiuza, akuti chiyani apa,
mawu amene ndinawabisa zaka makumi anayi ndi mphambu?
Wamvetsera, wakwinya mphuno, waseka.
Akuti tseka chitseko, kunja kukuzizira.

Basi?
Basi, ababa.

Ife tinkaganiza kuti pamenepo m'pamene pagona nkhani yonse,
imfa kapena Mulungu kapena dzina la mkazi.
Kani ndi munthu wongomva tsembwe kwawo,
kuuza ife a kuno,
ogona pakhonde mwezi wa Okotobala.
Eya wa bambo ankanena zambiri kuposa apo.

Pa tebulo pali misomali yodzaza chitini cha mkaka.
Ndinaiyang'ana nthawi yaitali ndithu, sindikana.
Kenako ndagula mayunitsi kwa mnyamata wa pa ambulera,
ndaimbira Jawadu ku Namwera,
ndagunditsa foni pa sipika.

Yachitatu itafika pamalo paja
ndamva patali, kupyola mapiri onsewo,
phazi likumenya simenti.

Achimwene, ndatero, chimbale chija ndinakanda ndine.

Kwakhala zii, tambala akulira kuseri kwake.
Ndinakuona, watero, unali ndi msomali wa pa khola la mbuzi.
Tatembenuza, ndimveko mbali inayo
mayunitsi ako asanathe.